Dzina Limene Che Rahimu Anabwereka

Mukafika mu Zomba n'kufunsa za Dokotala Raymond Alufandika, okulozerani sasowa. Aphunzitsi ambiri a m'chigawo chino anadutsa m'manja mwawo, ndipo ena mpaka lero akusunga mapepala amene anabwezedwa ali psuu ndi inki yofiira, ngati apherapo nkhuku. Koma mukafunsa za Rahim Twaibu, anthu amayamba akanda kumutu, kenako n'kukufunsani inuyo kuti ndi wa kuti ameneyo. Vuto lake n'lakuti awiriwa ndi munthu mmodzi. Mwini wakeyo anatha zaka makumi anayi ndi zisanu akudikira tsiku loti adzatchulidwe pagulu ndi dzina limene anapatsidwa pobadwa.

Rahim anabadwira ku Chinamwali m'chaka cha 1964. Bambo ake, Che Twaibu, anali telala wa pakhonde la golosale, munthu wosachulutsa mawu chifukwa nthawi zambiri pakamwa pankakhala mapini. Mwanayo m'mawa ankapita kusukulu, masana ku madrasa, ndipo konse kuwiri anzake ankamuonera kumsana. Mayeso a Sitandade 8 anakhoza kawiri, koma kawiri konseko dzina lake silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale. Malo anali ochepa, ndipo anthu ankanena kuti wobwereza amamuika kumapeto kwa mzere. Njira yozembera inalipo, ndipo asakunamizeni munthu kuti inali yachilendo. Mwana ankalemba mayeso pa dzina la mnzake amene anasiyira sukulu panjira koma dzina lake likadali m'kaundula.

Amene anabweretsa nzeru imeneyi pakhonde paja anali a Yakobo, ahedi a pasukulupo, mkulu wa mpingo amene ankasoketsa mathalauza ake kwa Che Twaibu. Anabwera ndi mtima wabwino, zimenezo tisawalande.

"Che Twaibu, mwana wanuyu ndi wanzeru, tisamutaye," anatero a Yakobo. "Ndili ndi dzina m'kaundula. Mwini wake anathawa sukulu, pano akutema nkhuni kuphiri. Raymond Alufandika."

Che Twaibu anaimitsa makina. "Limenelo ndi lachikhristu, aphunzitsi."

"Dzina silibatiza munthu. Amabatiza ndi madzi."

Telala anadula ulusi ndi mano, n'kuyang'ana mwana wake nthawi yaitali. "Dzina ndi malaya, Rahimu. Uzivala kusukulu, ukafika pakhomo uzivula."

Za malaya Che Twaibu ankazidziwadi, koma apa analakwitsa muyeso. Mu 1980 Raymond Alufandika anasankhidwa kupita kusukulu yogonera ya mishoni, ndipo amene ananyamula sutikesi anali Rahim.

Sabata yoyamba anatchetcha udzu katatu chifukwa chosayankha poitana mayina. Aphunzitsi ankafuula kuti "Alufandika!" iye ali duu, akuyang'ana uku ndi uku kuti amuone wamwano ameneyo. Pofika teremu yachiwiri khutu linali litazolowera. Nyimbo za m'tchalitchi ankaimba osaphonya, mpaka anamuika m'kwaya. M'mwezi wa Ramadhani ankanama kuti m'mimba mwavuta, n'kubisa chakudya chake mpaka dzuwa litalowa. Sanabatizidwe, ndipo palibe amene anamufunsa, poti munthu wotchedwa Raymond umufunsanso chiyani?

Kuyunivesite n'kumene anapeza ntchito ya moyo wake. Anakumana ndi phunziro la luso la kulankhula ndi kulemba mokopa anthu, lija limafufuza chifukwa chake wina akalankhula anthu amadzuka n'kuchita, pamene wina akanena zomwezo anthu amangoyasamula. Mabuku ake ankangotchula Agiriki akalekale. Rahim powerenga anayamba kuseka yekha, chifukwa zonsezo anali atazimva kale atakhala pamkeka mumzikiti, pamene shehe ankalalikira Lachisanu. Anaona kuti palibe amene anazilembapo, ndipo analumbira kuti adzazilemba yekha.

Tsiku lolandira digiri, Che Twaibu anabwera atavala mkanjo woyera ndi kofia, n'kukhala kumbuyo kwenikweni. Ataitana kuti Raymond Alufandika, iwo manja ali pamaondo, akudikira mwana wawo. Anadzazindikira mwanayo akutsika kale pansanja, ndipo anawomba m'manja okha pamene anthu onse anali atasiya. Rahim anawamva. Kuwomba kochedwa kumeneko kunamupweteka kuposa chikwapu chilichonse cha ku madrasa, ndipo sikunasiye kumupweteka.

Kuyambira pano tiziti a Rahim, poti anali atakhala aphunzitsi. Anaphunzitsa ku sekondale zaka zingapo, kenako anawalemba ntchito pakoleji ina ya m'tauni momwemu, yophunzitsa kalembedwe. Anakwatira a Fatima, namwino, mwana wa Msilamu mnzawo wa bambo awo, ndipo pa ukwatipo anatchulidwa Rahim. Koma nyumba ya ku Masongola inatuluka pa dzina la Alufandika, makadi a kuchipatala a ana chimodzimodzi, ndipo ana awiriwo anakula akulemba Alufandika pamakope awo. Che Twaibu anamwalira mu 1996 opanda mdzukulu wotenga dzina lawo.

M'kalasi anali munthu wina. Tsiku loyamba ankauza ophunzira kuti alembe kalata yopempha chinthu kwa amayi awo, m'chilankhulo cha kwawo, kenako alembe ina yopempha chinthu chomwecho kwa bwanamkubwa. Ankati amene wazindikira chifukwa chake makalata awiriwo asiyana wamaliza theka la maphunziro. Ankawatenga kupita nawo kumsika kukamvetsera ogulitsa mankhwala a makoswe, ndi kudepoti kukamvetsera oitanira minibasi. Wina akadzaza pepala ndi mawu aataliatali a m'dikishonale pofuna kuopseza, iwo ankalemba m'mbali kuti, "Ukulankhula ndi yani, mwanawe?" Chiphunzitso chawo chachikulu chinali chakuti womvera asanayeze mawu amayamba wayeza mwini mawu. Ankachinena molimba mtima, koma akatuluka m'kalasi chinkawalondola mpaka kunyumba.

Pamisonkhano ya aphunzitsi, wapampando ankakonda kunena kuti, "A Raymond, titsegulireni ndi pemphero." Kukana kukanabala mafunso. Ndiye a Rahim anapanga pemphero lawolawo, losokedwa mwaukatelala, lotchula Mlengi, Wachifundo, Mwini tsiku lachiweruzo, lopanda liwu limodzi loti Mkhristu kapena Msilamu n'kulikana. Anzawo ankalikonda kwambiri, ena mpaka kulipempha kuti akaligwiritse ntchito ku mpingo. Lachisanu lililonse ankaonetsetsa kuti alibe kalasi masana. Ankakwera galimoto, kudutsa Chinamwali, n'kukaswali kumzikiti wina waung'ono wa kumudzi, m'mbali mwa msewu wa ku Machinga. Kofia ankaivala akangopitirira msika. Kumeneko anali Che Rahimu, mwana wa telala uja, amene amagwira ntchito inayake kutauni, ndipo palibe amene ankafuna kudziwa zambiri.

Kafukufuku wawo anali wa khutuba, ulaliki wa Lachisanu. Anayenda m'mizikiti ya Zomba, Machinga ndi Mangochi ndi kawailesi kojambulira mawu, kumvetsera mmene mashehe amasinthira zilankhulo pakati pa ulaliki. Iwo ankati Chiarabu shehe amalemekezera Mulungu, Chiyao amanyengererera anthu, ndipo akafuna kukalipa amalowa m'Chichewa kuti ndi wodutsa kunja yemwe amve. Ulendo woyamba anapita ndi kalata ya kukoleji. Shehe wina wokalamba wa ku Machinga atamva dzina la pakalatapo anafunsa kuti, "Mnasala akufuna chiyani mumzikiti?"

A Rahim anapereka salamu, analankhula Chiyao cha kwa amayi awo, n'kulakatula sura yonse ya m'Korani osapunthwa.

"Mwaphunzira bwino," anatero shehe uja, akubweza kalata. "Masiku ano anasala achenjera."

Mawu amenewa ali ndi nkhani yake. Akuluakulu achisilamu akamati mnasala amanena Mkhristu. Koma mawu omwewo Akhristu ambiri kuno amatchulira Msilamu, makamaka akafuna kunyoza. Sabata yomweyo mnzawo wa kuntchito anaona kofia pampando wa galimoto, n'kuseka. "A Raymond, mayi aja akulowetsani chinasala eti? Chikondi n'choopsa!" A Rahim anaseka nawo, poti akanatani. Anali munthu mmodzi mu Zomba amene mbali zonse ziwiri zinagwirizana pomutchula, ndipo mbali iliyonse inkatanthauza kuti si wawo. Paja akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Kuyambira pamenepo kalata ya kukoleji ankaisiya m'galimoto, n'kumalowa m'mizikiti ngati Che Rahimu.

Atabwerako ku Joni, kumene anakachita maphunziro a udokotala, anapita kwa loya wina, mnzawo wa kusukulu, n'kumuuza zonse.

"Kusintha dzina n'kosavuta, achimwene," anatero loyayo. "Mulumbira, tilengeza, basi. Raymond wasanduka Rahim."

"Ndiye anthu azidzati ndalowa Chisilamu nditakula. Ine sindinalowe, ndinabadwiramo. Sindikufuna kusintha, ndikufuna kubwerera."

Loya anavula magalasi. "Kuti mubwerere, muyenera kunena kuti amene analemba mayeso mu 1980 sanali Raymond. Satifiketi imeneyo ndiye maziko. Ya Folomu 4 yakhala pamwamba pake, digiri pamwamba, udokotala wanuwu ndiye denga. Mukasolola njerwa yapansi musadzadabwe. Komanso pafunika mboni."

A Rahim anabwerera kunyumba mapewa atagwa. A Fatima anawamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Bambo a Sarah, Mulungu amakudziwani dzina. Enawa asiyeni." Iwo anavomera pakamwa pokha. Mumtima anati adikire ana amalize sukulu. Ana atamaliza anati adikire buku lituluke. Buku litatuluka anati adikire apume pantchito. Zengerezu analinda kwawukwawu.

Bukulo linatuluka mu 2016, m'Chingerezi, ndipo linali labwino, izi n'zosachita kukambirana. Linaonetsa kuti anthu amene ankatchedwa osaphunzira chifukwa chothawa sukulu za mishoni anali ndi sukulu yawoyawo ya mawu, yakuya ngati ina iliyonse. Anayamba kuliwerengetsa m'mayunivesite. Olemba ndemanga anatamanda mlembi wake monga Mkhristu wa mtima waukulu, amene anamvetsa Asilamu kuposa mmene iwo amadzimvetsera. A Rahim ndemanga zimenezo ankaziwerenga kamodzi n'kuzitsekera m'kabati. Mashehe amene mawu awo anadzaza m'bukumo sakanatha kuliwerenga, ndipo akanatha, akanaima pachikuto pomwepo.

Anapuma pantchito mu 2024. Apa m'pamene anaganiza nzeru imene ankaiona ngati yopanda vuto kwa aliyense. Anayamba kulemba buku lija mwatsopano m'Chichewa, mutu umodzi umodzi, n'kumatumiza ku kanyuzipepala kena ka Asilamu kotuluka mwezi ndi mwezi ku Blantyre. Mkonzi wake sanawaonepo nkhope. Pansi pa mutu woyamba analemba kuti: wolemba Rahim Twaibu.

Tsiku limene kanatuluka, a Fatima anawapeza pakhonde atakatambasula pamiyendo, chala chili pa dzinapo, chikuyenda kuchoka pa R mpaka pa u n'kubwereranso ngati mwana wa Sitandade 1. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, madigiri atatu, misozi ili mbwembwembwe. Anali osangalala, ndipo kwa miyezi itatu anakhaladi osangalala. Owerenga analemba makalata kufunsa kuti Che Twaibu ameneyu anali kuti masiku onsewa. Shehe wina wa ku Mangochi anati akuwerengera ophunzira ake. Kumzikiti kwawo a Rahim sananene kanthu. Ankafuna mitu yonse ithe, adzaisonkhanitse, akaipereke m'manja mwa akuluakulu.

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wina foni inalira, ndipo anali Miriam. Ameneyu anali wophunzira wawo wakale, wanzeru kuposa onse amene anawaphunzitsapo, amene tsopano anali mayi wodziwika, wolemba m'nyuzipepala yaikulu sabata iliyonse. Buku la aphunzitsi ake ankalidziwa ngati chikhatho chake.

"Adokotala, musadandaule, wakubayo ndamugwira," anatero Miriam. "Mugule nyuzipepala ya lero."

"Wakuba uti, mwanawe?"

"Pali wina akudzitcha Rahim Twaibu. Wakhala akumasulira buku lanu mutu ndi mutu, osakutchulani ngakhale kamodzi. Sindinafune kukuvutitsani ndisanamalize. Munatiphunzitsa nokha kuti mawu ali ndi mwini."

Nkhaniyo inatenga tsamba lonse, ndipo inatulukanso pa tsamba la Chichewa. Miriam anaika ndime za m'buku kumanzere, za m'kanyuzipepala kumanja, kuti wowerenga aweruze yekha. Sanatukwane, sanakokomeze. Anangofunsa kuti munthu amene anatha zaka makumi awiri akuyenda m'fumbi kulemekeza chipembedzo chimene si chake, malipiro ake akhale kuberedwa ndi mmodzi wa omwe anawalemekezawo? A Rahim anawerenga mpaka pansi, ndipo dzanja la uphunzitsi linafunafuna pomwe n'kulemba ndi inki yofiira, koma panalibe. Mwezi wotsatira kanyuzipepala kaja kanaimitsa mitu yotsala, n'kupepesa kwa Dokotala Alufandika pa tsamba loyamba, ponena kuti zimene anachita Rahim Twaibu zachititsa manyazi Asilamu onse.

Masiku atatu a Rahim sanatuluke pakhomo. Tsiku lachinayi anauza akazi awo kuti basi, aulula zonse. Ntchito anapuma, ana anakula, masatifiketi akafuna atenge. Koma loya uja anali atanena za mboni, ndipo popanda mboni nkhani yawo ikanangomveka ngati bodza lina la wakuba. A Yakobo anamwalira kalekale. Makolo kunalibe. Panatsala munthu mmodzi yekha.

Raymond Alufandika weniweni sanali wosowa. Zaka zonsezi a Rahim ankamuona akutsika phiri ndi nkhuni pamutu, kenako panjinga, ndipo nthawi zonse ankayang'ana kumbali ngati aona apongozi. Tsopano a Raymond anali atasiya nkhuni chifukwa cha msana, n'kumagulitsa mbatata ya kachewere ndi zipatso za kuphiri m'mbali mwa msewu, pamwamba penipeni, pamene alendo amaimika magalimoto. A Rahim anakwera m'mawa, nkhungu isanachoke m'mitengo ya paini. Panjira yonse anakonza mawu awo mmene ankaphunzitsira, poyambira, pokwezera, pothera.

Anapeza mkulu wowerama, wovala jekete ziwiri, atakhala pamwala kumbuyo kwa madengu ake. Anapatsana moni. A Rahim asanatsegule pakamwa, mkuluyo anamwetulira.

"Ndimakudziwani, achimwene. Ndinu aja munatenga dzina langa n'kupita nalo ku Joni pandege."

"Mumadziwa?"

"A Yakobo anawauza amayi anga chaka chomwecho. Amayi anati lisiyeni lipite, mwina iloyo likaphunzira, poti mwini wake wakanika." Anaseka mpaka kutsokomola. "Khalani pansi, pamwalapa m'pouma."

A Rahim anafotokoza zonse, za buku, za kanyuzipepala, za Miriam. Anapempha kuti a Raymond apite nawo kwa loya akachitire umboni, kuti dzina lililonse libwerere kwa mwini wake.

A Raymond anayamba kusanja mbatata zosanjika kale. "Ndiye pabuku paja dzina langa lichokapo?"

"Likadzasindikizidwanso, ee. Ngati angadzalisindikizenso."

"Mdzukulu wanga ananditenga kusitolo ya mabuku kutauni kuja. Anati agogo taonani. Ine kuwerenga kunandithawa, koma dzina langa ndimalizindikira, ndinkalilemba ku Sitandade 7. Linali pachikuto, zilembo zikuluzikulu, pawindo poti aliyense aone. Ndinaima pamenepo mpaka mlonda anandifunsa ngati ndikugula." Anapukuta mphuno ndi mkono wa jekete. "Kutchalitchi amandiseka kuti Dokotala, ine ndimavomera. Achimwene, phiri ili landidya msana zaka makumi anayi. Ana anayi ndinaika m'manda. Munda ndi wa kwa akazi anga. Ndikadzafa chidzatsale n'chiyani choti Raymond Alufandika anapondapo pansi pano? Munalitenga osandipempha, ine sindinakusumireni, ndipo mwalisunga bwino, sindinamvepo kuti laledzera kapena lamangidwa. Lero mwabwera kudzandipempha, koma mukupempha kuti mulifufute. Ayi. Chimenecho chokha ndisiyireni."

Mawu onse amene a Rahim anakonza panjira anali akadali m'kamwa, ndipo ankadziwa kuti akanawatulutsa akanapambana. Kugonjetsa mkulu wosaphunzira pa mtsutso inali ntchito ya mphindi zisanu. Koma anayang'ana manja aja, ong'ambika ngati khungwa, ndipo anachita manyazi aakulu. Miriam anali atalakwitsa katundu wobedwa, koma wakuba sanamulakwitse. Anaimirira n'kutsanzika. A Raymond anawakakamiza kutenga kathumba ka zipatso, ati ka amayi kunyumba, ndipo anakana kulandira kanthu.

Miriam anaimbanso sabata imeneyo kufunsa ngati adokotala angalankhulepo pa nkhaniyo. Iwo anati, "Walemba bwino, mwanawe. Isiye pomwepo."

Lachisanu lotsatira anapita kumzikiti kwawo monga mwa masiku onse, poganiza kuti kumeneko nyuzipepala sizifika. Anakhala pamzere wachiwiri, pambali pa Che Jafali, mkulu wosoka nsapato amene anaswali naye phewa ndi phewa zaka zoposa makumi awiri. Tsikulo kunali mlendo, Shehe Shafik wa ku Blantyre, munthu wophunzira za chipembedzo ndi za kusukulu zomwe, amene anaitanidwa kudzalalikira. Tsono khutuba ili ndi lamulo lake. Shehe akangokwera pamimbari, pamalo olalikirapo paja, palibe wololedwa kulankhula, ngakhale kuuza mnzake kuti akhale chete. Munthu umamva, n'kumeza.

Shehe Shafik anayamba ndi Chiarabu, motsitsa mawu. Kenako analowa m'Chiyao, n'kunena za kukhulupirika, kuti chimene wasungitsidwa si chako. Anthu ankagwedeza mitu. Atafika pakati anapisa m'thumba la mkanjo n'kutulutsa buku, ndipo a Rahim analizindikira lisanatuluke lonse.

"Si mbuzi yokha imene imabedwa, abale anga," anatero shehe, tsopano m'Chichewa, mawu atakwera. "Buku ili analemba ndi Mkhristu. Dzina lake Dokotala Alufandika, wa mu Zomba momwe muno. Munthu ameneyu si wathu, koma anayenda m'mizikiti yathu, anamvetsera mashehe athu, n'kuuza dziko lonse kuti anthu awa si mbuli. Mulungu amuongolere, chifukwa watichitira zimene ife eni ake tinalephera. Nanga ife tamubwezera chiyani? Wathu, wa dzina lathu, Rahim Twaibu, watenga thukuta la munthuyu n'kulembapo dzina lake. Rahim, dzina la chifundo! Anthu akunja akuti chiyani lero? Akuti si paja tinanena."

A Rahim anayang'ana pamkeka pakati pa maondo awo. Khutu limodzi linkamva kutamandidwa kumene analakalaka moyo wonse kuchokera pamimbari, linalo linkamva kutembereredwa, ndipo zonse zinali zawo. Anamva phewa la Che Jafali likuchoka pang'ono pa lawo. Swala itayamba anaimirira ndi anzawo, anawerama, anagwetsa nkhope pansi, koma sanadziwe kuti apemphe chiyani.

Atamaliza, anthu anatuluka kukavala nsapato pakhomo. Shehe anali pambali ndi akuluakulu, buku lidakali m'manja. Che Jafali anatola nkhwaila zawo, koma sanavale. Anatembenuka, n'kufunsa mosakweza mawu, ngakhale onse anamva.

"Che Rahimu, bambo anu, telala uja wa ku Chinamwali, sanali Che Twaibu?"

"Anali iwowo."

Amene anawerama kumanga zingwe anaweramuka. Shehe Shafik anasiya kulankhula.

"Ndiye Rahim Twaibu amene watchulidwa mkatimu ndi inu?"

Apa lamulo lokhala chete linali litatha. Anthu analipo, shehe analipo, buku linalipo, ndipo chiganizo chimodzi chikanakwana, choti amene analemba bukulo ndi yemweyonso. A Rahim anachikonza m'mutu mpaka pothera. Kenako anakumbukira kuti kumapeto kwa chiganizo chimenecho kuli mkulu wa pamwala uja, ndi mashelefu a m'mayunivesite mmene bukulo likanatsitsidwa ngati la munthu wa mapepala achinyengo.

"Ndine," anatero.

Che Jafali anawayang'ana pang'ono, kenako ananyamuka nkhwaila zili m'manja n'kukavalira patsogolo, pansi pa mtengo wa mango. Ena anatsatira mmodzimmodzi. A Rahim anakhala pa sitepe n'kuyamba kumanga zingwe za nsapato zawo.